Migodi ya Golide ndi Kusaka Zosaoneka

Anthu a ku Matero ndi ku Chawama amene makolo awo anapita ku Joni pa Wenela amadziwa kuti mgodi ndi malo a thukuta, fumbi ndi chifuwa. Koma ndi owerengeka amene anamva kuti maenje akuya oterewa analandiranso alendo ena, osafuna golide, koma zinthu zimene diso la munthu silinazionepo chiyambire.

Pa 23 February 1965, mu mgodi wa East Rand Proprietary ku Boksburg, mamita oposa 3,000 pansi pa nthaka, Frederick Reines ndi Friedel Sellschop ndi anzawo anapeza tinthu totchedwa neutrino tobadwira mumlengalenga. Ndipo anatsikira kumeneko pakuti thanthwe lochindikala limatchinga cheza chochokera kuthambo, chimene pamtunda chimagonthetsa zipangizo monga phokoso la pamsika wa Soweto limamizira mawu a munthu wonong'ona.

Njira yomweyo ndiyo anatsata osaka dark matter, chinthu chosawala chimene Fritz Zwicky anachiganizira mu 1933, ndipo Vera Rubin anachichitira umboni m'zaka za m'ma 1970 poona kuti milalang'amba imazungulira mwaliwiro loti, pakadapanda cholemera china chobisika choigwira, nyenyezi zake zikadamwazika. Mgodi wa golide wa Homestake ku South Dakota utatsekedwa mu 2002, akatswiri anatsitsiramo xenon, mpweya wosowa wosagwirizana ndi zinthu zina, umene William Ramsay ndi Morris Travers anautulukira mu 1898. Anauziziritsa mpaka unasanduka madzi, makilogalamu 370 m'chipangizo cha LUX mu 2013, kenaka matani 10 m'cholowa m'malo chake, LZ.

Machitidwe a zipangizozi ndi awa: kanthu kakagunda atomu ya xenon, pamaoneka kuwala kwakung'ono, mphamvu ya magetsi imakokera maelekitironi omasuka pamwamba pa madziwo, pomwe amawalitsanso kachiwiri, ndipo poyerekeza kuwala kuwiriko, akatswiri amazindikira malo amene kanthuko kanagunda ndi mtundu wake.

Kufikira lero, ngakhale ku Homestake, ngakhale ku Gran Sasso m'dziko la Italy, kapena ku Jinping ku China, palibe amene wachigwira chinthu chosawala chija. Komabe akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chaka chilichonse chopita popanda chizindikiro chimachepetsa malo amene chinthucho chingabisale.