Ana Osesa M'chumuni ndi Nthano ya Kingsley

Mzinda wa London utapsa m'chaka cha 1666, amisiri anaumanganso ndi njerwa, naika pa nyumba machumuni opapatiza ndi okhotakhota, momwe mwaye wa malasha unkaunjikana mpaka kuyaka. Ndipo popeza munthu wamkulu sakadatha kulowamo, ntchito yosesa inagwera ana amasiye ndi a amphawi, ena a zaka 6 zokha. Mwanayo ankakwera mumdima ndi mawondo ndi zigongono, ndipo khungu likasupuka, mbuye wake ankalikhula ndi madzi amchere kuti likhakhale. Akaima pakati ndi mantha, ankamuyatsira udzu kunsi. Mu 1775 sing'anga Percivall Pott anaonetsa kuti mwayewo unkabala khansa kumaliseche kwa osesawo. Malamulo oteteza anawo analembedwa mu 1788, 1834 ndi 1840, koma wowalondola panalibe.

M'masiku amenewo Charles Kingsley, mbusa wa mpingo wa Angilikani ku Eversley, anatulutsa buku lake The Water-Babies mu 1863. Kukoma kwake sindikukana ayi. Mnyamata Tom, wozunzika m'manja mwa mbuye wake Grimes, asokera m'machumuni a nyumba ya mwinichuma, natsikira m'chipinda cha mtsikana Ellie, ndipo m'menemo adziona pa kalilole, nazindikira koyamba kuti ndiye wodetsedwayo. Pothamangitsidwa ngati mbala, alowa mumtsinje, nasanduka kamwana kam'madzi kocheza ndi nsomba ndi akatumbu, kufikira atsikira kunyanja. Amayi a ku England, amene kale sankayang'ana n'komwe nkhope ya wosesa, anakumbutsidwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inakhwimitsa chilango cha okweza ana m'machumuni.

Komatu bukuli lili ndi zilema zosabisika. Mbusayo asiya nthano pakati, nalalikira masamba ambirimbiri za mikangano ya akatswiri a sayansi, mwana womvera n'kugona. Choipa koposa, iye amene anachitira chifundo mwana wa m'chumuni anyoza Ayuda, Akatolika, anthu akuda ndi a ku Ireland, kotero kuti osindikiza ena a pambuyo pake anachotsamo mawuwo. Ndipo chimene chindiwawa mtima n'chakuti Tom apulumuka pokhapokha atasiya thupi lake m'madzi, ndipo wosambitsidwa ndi kulangizidwa ndi iyeyo, pomwe eni nyumba, amene ankalipira kuti ana akwere, sayankha mlandu.

Ntchitoyo sinathe ndi bukulo. Mu February 1875 mnyamata George Brewster anabanika m'chumuni ku Fulbourn, pafupi ndi Cambridge, namwalira, ndipo mbuye wake analamulidwa kugwira ukaidi miyezi 6. Pamenepo Lord Shaftesbury anapititsa lamulo lakuti wosesa aliyense azitenga chiphaso kupolisi, ndipo apolisiwo ndiwo analetsadi kukweza ana m'machumuni.