Mbiri ya a Henry Masauko Chipembere, Phungu wa ku Fort Johnston

Mwa aphungu onse amene boma la Fort Johnston, limene lero litchedwa Mangochi, linatumiza ku Nyumba ya Malamulo ku Zomba, palibe amene dzina lake linautsa chikondi ndi mkangano pamodzi monga a Henry Masauko Chipembere. Iwo anabadwa pa 5 August 1930, ndimo atate wao a Habil Chipembere anali wansembe wa Mpingo wa Anglican. Ataphunzira pa Blantyre Secondary School ndi ku Goromonzi m'dziko la Southern Rhodesia, anapita ku Fort Hare ku South Africa kumene anatenga digiri. Pobwera kwao analowa nchito ya Boma, koma sanakhalitsemo iai.

M'chaka cha 1956 anthu akuda asanu anasankhidwa kulowa m'Legislative Council, ndipo pakati pao panali a Chipembere, a zaka 25 zokha, ndi a Kanyama Chiume. Anyamata awiriwa anapanikiza Azungu a Boma ndi mafunso okhudza Chitaganya ndi tsankho, kotero kuti buku la zokambidwa m'Nyumbamo, lochedwa Hansard, linayamba kugulidwa ndi aphunzitsi ndi makalaliki amene kale sanali kulilabadira konse. Mkangano wao woyamba unali ndi anzao a m'Congress momwemo. A Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano anali aphungu m'Nyumba ya Chitaganya ku Salisbury, ndipo a Chipembere anaumirira kuti kukhala m'menemo ndiko kuvomereza Chitaganyacho. Awiriwo anakana kutula pansi maudindo ao, nachotsedwa m'chipani mu 1957.

A Chipembere anazindikira kuti mafumu ndi akulu akulu a kumudzi sangatsate mnyamata, ngakhale akhale wophunzira chotani. Chifukwa chake analembera makalata Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene pa nthawiyo anali ku Ghana, kuwapempha kuti abwere kudzatsogolera mtundu, ndimo iwo ndi anzao anayenda m'midzi kulalikira dzina la Dotoloyo monga mpulumutsi. Dr. Banda anafika pa Chileka pa 6 July 1958. Ulemu wopyola muyeso umene anyamatawa anaunjikira munthu mmodzi ndiwo unadzawatsekera pakamwa patapita zaka zisanu ndi chimodzi.

Pa 25 January 1959 atsogoleri a Congress anachita msonkhano wa kutchire pafupi ndi Limbe, Dr. Banda palibe. Boma linanena kuti pamenepo panapanganidwa chiwembu chakupha Azungu, ndipo pa 3 March linalengeza za chipwirikiti niligwira anthu mazana mazana. A Chipembere anatsekeredwa ku Gwelo pamodzi ndi Dr. Banda ndi a Dunduzu Chisiza. Bungwe la Woweruza Devlin silinapeze umboni wa chiwembu monga Boma linachifotokozera, komatu linapeza kuti za chiwawa zinakambidwa ndithu, ndipo a Chipembere anali mmodzi wa olankhula moopsa. Atamasulidwa mu September 1960 sanafewetse lilime lao. Chifukwa cha mau amene analankhula ku Rumphi anaweruzidwa mu 1961 kukhala m'ndende zaka zitatu, ndipo pa chisankho cha August chaka chomwecho atate wao ndiwo anaima m'malo mwao. Ambiri ananong'onezana kuti Dr. Banda sanafulumire kuwapempherera ufulu. Anatuluka mu January 1963, nakhala nduna, potsiriza ya Maphunziro.

Ufulu utabwera pa 6 July 1964, sipanapite miyezi iwiri nduna zisanayambane ndi Nduna Yaikulu. Madandaulo ao anali omveka kwa munthu aliyense wa pa nchito: tiki imene odwala anayamba kulipira pa chipatala, lipoti la Skinner limene linapweteka malipiro a anthu akuda a m'Boma, kuchedwa kwa kupatsa eni dziko mipando ya Azungu, ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique, ndi kukana chithandizo cha China. Koposa zonse nduna zinatopa ndi kuchedwa anyamata pamaso pa anthu. A Chipembere anali ku Canada pa msonkhano wa maphunziro pamene Dr. Banda anachotsa a Orton Chirwa, a Chiume, a Augustine Bwanausi ndi Mai Rose Chibambo pa 7 September. Atafika anatula udindo wao, nakhala pamodzi ndi anzaowo m'Nyumba ya Malamulo, ngakhale kuti mwini wake sanachotsedwe. Apa mpamene anthu osawakonda omwe anavomereza kuti munthuyu sanali wa mimba.

Zotsatira zake ndizo zimene zigawanitsa anthu a m'boma lino kufikira tsopano. Atalamulidwa kuti asachoke ku Malindi, a Chipembere anathawira m'mapiri, ndipo usiku wa 12 February 1965 anatsogolera anthu ngati 200 kukalanda boma la Fort Johnston ndi mfuti za apolisi. Analunjika ku Zomba, koma pofika pa Liwonde anapeza bwato loolotsa magalimoto liri tsidya lina la Shire, ndimo asilikali anawabalalitsa. Ena ati panalibe njira ina pakuti pakamwa panali patatsekedwa kale. Ena ati kunali kutaya miyoyo ya anthu osauka pa nkhondo yosakonzeka bwino. Chimene sichikanika nchakuti mtengo wake analipira ndi anthu a kumudzi, amene nyumba zao zinatenthedwa ndipo ambiri anakhala m'ndende zaka popanda mlandu kuzengedwa. A Medson Silombela, amene anapitiriza nkhondoyo, ananyongedwa ku Zomba mu 1966.

A Chipembere anatuluka m'dziko mu 1965 kupita ku America, nakhala ku Tanzania kuyambira 1966 kufikira 1969, kenaka nabwerera kukaphunzitsa ku California. Anamwalira komweko ndi nthenda ya shuga pa 24 September 1975, ali ndi zaka 45, osaonanso nyanja ya kwao. Akazi ao, Mai Catherine Chipembere, anabwerera ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, ndipo anasankhidwa kukhala phungu mu 1994.