Ana a Machona a ku Selous ndi Mathero a Mawu a Chingerezi

Selous ndi kamzinda ka pamsewu wa Harare kupita ku Bulawayo, pakati pa Norton ndi Chegutu, ndipo dzinali ndi la mlenje wa ku England, Frederick Courteney Selous. Kale minda ya fodya ndi chimanga ya kumeneko inkadalira manja a anthu ochokera ku Nyasaland, ku Tete ndi kum'mawa kwa Northern Rhodesia. Ena ankayenda pansi, ena pamagalimoto a Ulere, ndipo 1946 itadutsa ambiri ankalembedwa ndi Mthandizi. Osabwerera kwawo ankatchedwa machona.

M'makomboni Chinyanja chinkamveka paliponse, makamaka usiku wa gule wamkulu. Kumunda mwini famu ndi kapitawo ankalamula m'Chilapalapa, motero Chingerezi sichinkafunika kwenikweni. Zinthu zinasintha Zimbabwe italandira ufulu mu 1980, pamene sukulu zinachuluka. Ana a machona anaona kuti wopanda Chingerezi adzatsala kubalani ya fodya monga atate ake. M'kalasimo anakumana ndi kamchira ka zilembo ziwiri, -ed, kosonyeza kuti ntchito inachitika kale.

Vutoli lili ndi muzu wake. M'Chichewa nthawi yakale imaonekera kutsogolo kwa tsinde la mneni, monga -na- m'mawu akuti "ndinalima", ndipo phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu. Nchifukwa chake school inakhala sukulu, bed nkukhala bedi. Lilime lozolowera chonchi likafika pa worked limati "wekedi", kapena limangotaya mchira wonse, nkhani yadzulo nkumveka ngati ya lero.

Komatu kamchirako kamatchulidwa mwa njira zitatu. Mneni akathera pa liwu losanjenjemeretsa kholingo, monga k, p, s, kamamveka ngati t: worked, reaped, pressed. Akathera pa liwu lonjenjemeretsa kholingo, kamamveka ngati d: ploughed, cured, baled. Pokhapokha atathera pa t kapena d mpamene phatikizo latsopano limabadwa, lomveka "id": planted, weeded, graded. Chala choikidwa pakholingo chimathandiza kusiyanitsa maguluwa.

Chodabwitsa nchakuti "wekedi" wa mwana wa pafamu sali kutali ndi Chingerezi chamakedzana. Angerezi akale ankatchula -ed monga phatikizo lathunthu, ndipo mu 1712 Jonathan Swift anadandaula kuti olemba ndakatulo akulimeza. Zotsalira zake zikumvekabe m'mawu ngati wicked ndi naked.

Minda italandidwa kuyambira mu 2000, antchito ambiri anataya ntchito ndi pokhala pomwe, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ochuluka ali alendo m'dziko lobadwira. Opanda munda, opanda mudzi wobwererako, ankangodalira maphunziro pofuna ntchito m'tauni kapena kumigodi ya platinum yoyandikana ndi Selous.

Malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegula njira ya unzika kwa obadwira mu Zimbabwe kwa makolo a m'maiko a SADC, ndipo anaika Chichewa pa zinenero 16 zovomerezeka. Lero mdzukulu wa mtchona amaphunzira kunena worked ndi phatikizo limodzi, koma madzulo akamacheza ndi agogo ake amanenabe kuti "ndinagwira ntchito", m'chinenero chimene tsopano chili m'malamulo a dziko lake.