MWANA WA MAYI WOKOLOPA M'NYUMBA ZA ENI: MBIRI YA ALBERT CAMUS

Anzanga a m'mbali mwa nyanja, uthenga wa lero ndi wautali. Amene muli pa ntchito usungeni, muwerenga mukakocheza.

Pali funso limene limabwerabwera tikakhala pa bawo. Chifukwa chiyani anthu ena okulira mu umphawi, akaphunzira, safuna kumangidwa ndi chipani chilichonse, ndipo kutchalitchi kapena kumzikiti amangopezekako pa maliro? Ena amati sukulu inawazunguza mutu, ena amati ndi matama chabe. Tiyeni tione mbiri ya munthu mmodzi wotere, Albert Camus, wolemba mabuku wobadwira ku Africa konkuno. Maganizo ake sanawatole ku yunivesite ayi. Anayambira m'nyumba ya amayi ake.

*Kumene anachokera*

Camus anabadwa pa 7 Novembala 1913 ku Mondovi, m'dziko la Algeria, nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa atsamunda a ku France. Anali mzungu, izi tisabise, koma mzungu wa pansi penipeni. Bambo ake, a Lucien, ankagwira ntchito pa munda wa mphesa wa eni ake. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba anatengedwa usilikali, anavulala pa nkhondo ya ku Marne, n'kumwalira mu Okutobala 1914, mwana asanakwanitse chaka.

Amayi ake, a Catherine, sankadziwa kulemba ndi kuwerenga, komanso ankamva movutikira. Anasamukira ku Belcourt, dera la anthu aganyu mumzinda wa Algiers, n'kumakolopa ndi kuchapa m'nyumba za eni. Ankakhala m'kanyumba ka zipinda zitatu, kopanda magetsi ngakhale mpopi, pamodzi ndi agogo aakazi olusa ndi chikoti, mkulu wake wa Albert, ndi amalume okhoma migolo. Mpira ankaukonda kwambiri, ndipo zimanenedwa kuti anakhala goloboyi chifukwa agogo ankayendera nsapato madzulo. Wa pagolo sathamanga kwambiri, ndiye nsapato sizitha msanga. Amene munamenyedwapo chifukwa chodula patapata mukumvetsa.

Atamaliza pulayimale agogo anati basi, akagwire ntchito, pakhomo palowe ndalama. Mphunzitsi wake, Louis Germain, anachita kupita kunyumbako kukawanyengerera, n'kumamuphunzitsa mwapadera mpaka mu 1924 anapata thandizo la boma lopitira kusekondale.

*Za Mulungu*

Banjali linali la Chikatolika mwa dzina: ubatizo, ukwati, maliro, basi. Munthu wobwera kokolopa atatheratu analibe mphamvu zokambira zakumwamba. Sukulu za boma la France nazonso sizinkaphunzitsa chipembedzo. Choncho mnyamatayu anakula akuona kuti zabwino zimene zamufika zadzera m'manja mwa anthu: mayi wogwada pa simenti ya eni, mphunzitsi wogogoda pakhomo.

Mu 1930, ali ndi zaka 17, anadwala chifuwa chachikulu n'kuyamba kutsokomola magazi. Mpira unathera pomwepo. Anagonekedwa m'chipatala cha anthu osauka, akuona anzake akutuluka atafunditsidwa. Kuyambira pamenepo funso lake linali limodzi: ngati moyo ndi uno wokha, tiziukhala bwanji?

Musaganize kuti anali mbuli pa za chikhristu. Pomaliza maphunziro ake mu 1936 analemba za Augustine Woyera, bishopu wa ku Hippo, mzinda woyandikana ndi kumene iye anabadwira. Sankatukwana opemphera, ndipo nkhondo yachiwiri itatha anakalankhulapo kwa ansembe a chipani cha Dominiko ku Paris, kuwapempha kuti okhulupirira ndi osakhulupirira agwirane manja pochepetsa kuzunzika kwa ana. Chimene ankakana ndi kuuza wovutika kuti apirire poti malipiro ali kutsogolo. M'buku lake la 1947, La Peste, kutanthauza mliri, muli wansembe wolalikira kuti matendawo ndi chilango cha machimo, ndi dokotala wosapemphera amene amangodzuka m'mawa uliwonse kukachiza odwala. Mwana wosalakwa akufa mozunzika onse awiri akuona, ndipo ulaliki wa wansembe uja sukhalanso chimodzimodzi. Umunthu wopanda chipembedzo umene Camus ankanena ndi wa dokotalayo: bwato likamira umaponya chingwe, sufunsa kaye ngati womirayo anachimwa.

*Za chipani*

Mwana wa aganyu akaona kuponderezana amafuna gulu loti alowe. Mu 1935 Camus analowa chipani cha Komyunisiti, chimene chinkalonjeza dziko lopanda bwana ndi wantchito. Iye ankagwira ntchito yokopa Aarabu osauka. Koma mfundo za ku Moscow zitasintha, chipanicho chinafewetsa mawu pa nkhani ya utsamunda n'kutembenukira omenyera ufulu a gulu la Messali Hadj. Camus anakana kutaya anthu amene dzulo lomweli ankawatcha abale. Mu 1937 anamuchotsa. Kuchokera apo sanakhalenso ndi khadi la chipani chilichonse mpaka imfa.

Analowa utolankhani ku nyuzipepala ya Alger Républicain. Mu 1939 anapita kumapiri a Kabylie kumene kunali njala, n'kulemba mndandanda wa nkhani zofotokoza malipiro a aganyu, kuchepa kwa sukulu ndi madokotala, ndi ana olimbirana zakudya zotayidwa ndi agalu. Sanalembe ngati mlendo wodabwa, njala ankaidziwa fungo lake. Boma la atsamunda silinakondwe. Kumayambiriro kwa 1940 nyuzipepala imene ankagwirako inatsekedwa, ntchito inasowa, ndipo anapita ku Paris.

Kumeneko, Germany italanda France, anakhala mkonzi wa Combat, nyuzipepala yosindikizidwa mobisa. Pa 8 Ogasiti 1945, anthu ambiri akusangalalira bomba la ku Hiroshima, iye analemba kuti chimenechi ndi nkhanza yofika pamapeto. Mu 1951 anatulutsa L'Homme révolté, buku lonena za munthu woukira, mmene anadzudzula ndende zozunzirako anthu za ku Soviet Union. Anzake ophunzira a ku Paris ankati kunena zimenezo ndi kuthandiza mabwana. Chaka chotsatira ubwenzi wake ndi Jean-Paul Sartre, katswiri wokulira m'nyumba yodzaza mabuku, unatha poyera m'magazini.

Taonani apa, anzanga. Mpingo unkati pirira, kumwamba kuli mphoto. Chipani chinkati ena afe lero, adzukulu adzadya bwino. Kwa Camus mawu awiriwa ankamveka ngati a mwini ukonde wouza alovi kuti gawo lawo alandira mwezi wamawa. Muyeso wake unali umodzi: lonjezo limeneli likumuchitira chiyani munthu wamoyo lero, munthu ngati amayi anga?

Ngakhale kudana kwake ndi chilango cha imfa kunachokera pakhomo. Chimodzi mwa zochepa zimene anauzidwa za bambo ake n'chakuti tsiku lina analawirira kukaonerera chigawenga chikudulidwa mutu, ali ndi mtima woti chilandire zoyenera. Anabwerako osalankhula, n'kugona pabedi, n'kuyamba kusanza. Nkhani imeneyi ndi imene anatsegulira nayo nkhani yake ya 1957 yotsutsa chilangochi. France inathetsa chilango cha imfa mu 1981.

*Pamene muyeso unamuvuta*

Tisamupange woyera. Pa 1 Novembala 1954 nkhondo ya ufulu wa Algeria inayamba. Azungu anali pafupifupi 1 miliyoni, eni nthaka pafupifupi 9 miliyoni. Asilikali a France ankazunza akaidi ndi kuwotcha midzi, a FLN ankatchera mabomba m'malo a anthu wamba. Camus anadzudzula mbali zonse. Mu Januwale 1956 anapita ku Algiers kukapempha kuti mbali ziwirizi zileke kupha anthu wamba, azungu anzake ali panja kukuwa kuti aphedwe. Mwakachetechete ankalembera akuluakulu a boma kupempha kuti Aalgeria oweruzidwa kuti aphedwe akhululukidwe.

Koma ufulu wathunthu wa Algeria sanauvomereze. Ankafuna dziko limene mitundu yonse ikhale yofanana koma lolumikizanabe ndi France. Mu Disembala 1957, atapita ku Stockholm kukalandira mphoto ya Nobel, wophunzira wina wa ku Algeria anamupanikiza pagulu. Iye anayankha kuti mabomba akuphulika m'matiramu a ku Algiers, amayi ake akhoza kukhala m'menemo, ndipo ngati chilungamo chake n'chimenecho, iye asankha amayi ake.

Mayi uja amene anamutsegula maso ndi yemweyo amene anamuikira malire. Mnyamata wa Chiarabu akanatha kufunsa kuti, nanga amayi anga amene mudzi wawo wawotchedwa? Umphawi wa Camus unali weniweni, komabe anali nzika ya France yokhala ndi voti ndi njira ya kusukulu, zimene ana ambiri a Aarabu analibe. Wosauka wa m'boti la injini ndi wosauka wa m'bwato onse mwera umawamenya, koma safika kumtunda nthawi imodzi.

Ufuluwo sanauone. Anamwalira pa ngozi ya galimoto pa 4 Januwale 1960 ali ndi zaka 46, tikiti ya sitima ili m'thumba. M'chikwama munali buku losamaliza lonena za ubwana wake, Le Premier Homme, limene linasindikizidwa mu 1994. Analilembera amayi ake, amene sakanatha kuliwerenga. Algeria inalandira ufulu mu 1962.

Sindikuuza munthu kuti asiye kupemphera kapena ang'ambe khadi la chipani, zimenezo aliyense ndi mtima wake. Koma mukakumana ndi mwana wa msodzi kapena wa mayi wogulitsa usipa amene savala nsalu ya chipani ndipo amafunsa mafunso ovuta, musafulumire kunena kuti sukulu inamuwononga. Mwina akungoyeza malonjezo ndi mbale ya kwawo. Nafenso tiziyeza choncho, koma tizikumbukira kuti tsidya linalo kulinso mayi wa wina.

Tumizirani anzanu, tikambirane.