Zitseko za pa Liwonde: Mbiri ya Madzi a Nyanja ndi Shire

Lero tikambirana za madzi a Nyanja yathu ndi a mtsinje wa Shire, ndi umo anthu ayesera kuwasunga ndi kuwagawa.

Coyamba dziwani ici. Mitsinje yothira m'Nyanja ndi yambiri, monga Songwe, Rukuru, Bua, Linthipe, ndi Ruhuhu wocokera ku Tanzania, koma mtsinje woturutsa madzi ndi umodzi wokha, ndiwo Shire. Tsono madzi amene Shire amatenga ndi ocepa poyerekeza ndi amene amauma ndi dzuwa ndi mphepo pamwamba pa Nyanja. Cifukwa ca ici, mvula ikabvuta zaka zingapo zotsatizana, woyamba kusowa madzi ndi Shire.

Makolo athu anaziona zimenezi ndi maso. M'caka ca 1915 Nyanja inatsika kwambiri, ndipo mcenga ndi bango zinatseka njira pamene Shire amayambira, kufupi ndi Mangochi. Kwa zaka 20 madzi a Nyanja sanatsike ndi mtsinjewo. Nyanja yaing'ono ya Malombe inaphwa, anthu nadzala cimanga pamene kale ankakoka makoka. Kumunsi, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, madambo anauma, ndipo alimi anapeza madimba acikhalire, nalima thonje ndi cakudya cambiri. Ena anayesa kuti zinthu zidzakhala comweco mpaka kale kale. Koma popeza njira inali yotsekeka, madzi analikuunjikana m'Nyanja caka ndi caka, ndipo mu 1935 anabzola. M'zaka zotsatira minda ija inamira, dambo la Elephant Marsh linakula, ndipo mabanja ambiri anathawira kumtunda.

Zitatero, Boma la nthawi imeneyo linafuna njira yolamulira madziwo. Mu 1954 akatswiri a Sir William Halcrow and Partners anapereka maganizo ao a kumanga madamu, kupanga magetsi ndi kuumitsa madambo. Mu 1956 anamanga khoma la dothi lodula Shire pa Liwonde. Khomalo silinakhalitse, pakuti mu 1957 linatsegulidwa, mtsinje nuyendanso. Apa panali phunziro: khoma lopanda zitseko lingatseke madzi, koma silingawagawe.

Ndico cifukwa cace baraji ya Kamuzu, imene inatha mu 1965 pa Liwonde pomwepo, ili ndi zitseko 14 zokweza ndi kutsitsa. Kucokera ku Mangochi kufika pa Liwonde dziko ndi lacidikha, motero zitseko zikatsitsidwa madzi amabwerera m'mbuyo nakhala m'Nyanja. Kunena mwacidule, Nyanja yasanduka nkhokwe, ndipo pa Liwonde ndi pakhomo pace.

Kodi odya m'nkhokwe imeneyi ndani? Kumunsi kwa Liwonde Shire amagwa m'mathithi, ndipo m'menemo ndi momwe mumacokera magetsi ambiri a dziko lino. Pa Nkula makina anayamba nchito mu 1966, pa Tedzani mu 1973, pa Kapichira mu 2000. Anthu a ku Blantyre amamwa madzi opopedwa pa Walker's Ferry. Nzimbe za ku Nchalo zimathiriridwa ndi madzi omwewa, ndiponso asodzi ndi alimi a m'madimba akuwadalira.

Tsono taganizani bvuto la munthu woyang'anira zitseko. Nyanja imadzala kwambiri ca m'ma April ndi May, nitsika kufikira mvula itayambanso. Akatsegula kwambiri m'nyengo ya madzi ambiri, makina adzasowa madzi m'mwezi wa October ndi November, ndipo kumunsi minda ingamire. Akatseka kwambiri, madzi amalowa m'nyumba, m'minda ya mpunga ndi m'mahotela a m'mbali mwa Nyanja. Zonse ziwiri zacitikapo. Mu 1980 Nyanja inakwera kwambiri, ndipo mu 2024 inameza malo ambiri m'gombe la Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, eni ace nadandaula kuti zitseko zitsegulidwe. Koma mu 2016 ndi 2017 Nyanja inali yotsika, madzi anaperewera pa Nkula ndi pa Tedzani, ndipo magetsi ankazima maora ambiri tsiku ndi tsiku. Pokonzanso baraji ndi thandizo la World Bank, anaikweza kuti izitha kusunga madzi ena okuya masentimita 40. Musapeputse muyeso umenewu, pakuti pa Nyanja yaikuru cotere ndi madzi ocuruka ndithu. Udindo wogamula kucuruka kwa madzi oturuka uli ndi bungwe la National Water Resources Authority.

Cina coti mukumbukire ndi ici: zitseko za pa Liwonde sizilamulira madzi onse a m'cigwa ca Shire. Mtsinje wa Ruo, wocokera ku phiri la Mulanje, umathira mu Shire pa Chiromo, kutali kumunsi kwa baraji, ndipo Mwanza ndi Lisungwi nayonso imalowera kumunsi. Cigumula ca mu January 2015 ndi ca namondwe Freddy mu March 2023 cinadza ndi mvula yogwa m'mapiri a kumwera. Ndiponso dothi lokokoloka pamene mitengo yadulidwa limadzaza madamu a makina, ndipo palibe citseko cingaliletse.

Mukamva kuti madzi atsegulidwa kapena acepetsedwa pa Liwonde, dziwani kuti oyang'anirawo sakuwerengera mvula ya caka cimodzi cokha. Mbiri yatisonyeza kuti Nyanja imakwera ndi kutsika pa zaka zambiri, ndipo cimene cinacitika mu 1915 cingathe kudzacitikanso. Gawo lanu ndi kusamala mitengo ya m'mbali mwa mitsinje, kusamanga nyumba pamene madzi anafikapo kale, ndi kumvera cenjezo la Boma likaperekedwa.