Psychedelic rock: nyimbo za m'ma 1960 zimene zinafika ku Kitwe ndipo zikumvekabe lero

Psychedelic rock ndi mtundu wa nyimbo za rock umene unayamba m'zaka za 1965 ndi 1966 ku United States ndi ku Britain. Munthu amauzindikira ndi khutu asanauzidwe dzina lake. Gitala yamagetsi imalira mosasa ngati sipika yang'ambika, mawu a woyimba amamveka ngati akuchokera m'phanga, ndipo nyimbo imatha kuzungulira pamalo amodzi kwa mphindi khumi osathamangira kukatha. Nthawi imene nyimbozi zinali pachimake inali yochepa, pafupifupi zaka zinayi. Koma njira zoyimbira ndi zojambulira zimene zinatulukira nthawi imeneyo zikugwirabe ntchito mpaka pano, ndipo zina mwa nyimbo zake zamphamvu kwambiri zinajambulidwa ndi anyamata a ku Zambia.

Dzinali silinachokere kwa oyimba. Analipeka ndi Humphry Osmond, dokotala wa matenda a maganizo wa ku Britain amene ankagwira ntchito ku Canada, pamene ankalemberana makalata ndi wolemba mabuku Aldous Huxley mu 1956. Iye analumikiza mawu awiri a Chigiriki otanthauza kuonetsa zimene zili m'maganizo. Ankanena za mankhwala ngati LSD, amene Albert Hofmann anapanga ku Basel mu 1938 n'kudzazindikira mphamvu yake mu 1943. Achinyamata ambiri a ku San Francisco ndi ku London ankamwa mankhwalawa, ndipo ku California lamulo linawaletsa pa 6 Okutobala 1966. Oyimba ena ankafuna kuti nyimbo imveke monga mmene zinthu zimamvekera kwa munthu amene mankhwalawo amusokoneza mutu. Gulu la ku Texas la 13th Floor Elevators linaika mawu akuti psychedelic pa dzina la chimbale chake choyamba mu 1966.

Mmene kamvekedwe kake kanapangidwira

Chaka cha 1966 chisanafike, ntchito ya situdiyo kwenikweni inali yojambula zimene gulu limayimba kale pabwalo. Oyimba a psychedelic rock anayamba kuigwiritsa ntchito situdiyo ngati chida choyimbira pachokha.

Chitsanzo chodziwika bwino ndi nyimbo ya The Beatles yotchedwa "Tomorrow Never Knows", imene inajambulidwa mu Epulo 1966 ndipo ndi yomaliza pa chimbale cha Revolver. Pafupifupi nyimbo yonseyo yaima pa kodi imodzi, potengera nyimbo za ku India. Mawu a John Lennon anawadutsitsa mu sipika ya Leslie, yomwe ili ndi mbali yozungulira mkati ndipo inapangidwira limba, n'chifukwa chake amamveka monjenjemera. Anadula tizidutswa ta tepi n'kulumikiza nsonga zake kuti tizizungulira osatha, ndipo ogwira ntchito m'situdiyo ankatikoka ndi mapensulo kuti tisagwe pamakina. Gitala ina anaiseweretsa chobwerera m'mbuyo. Zonsezi anazichita pa makina ojambulira mizere inayi yokha. Masiku ano foni ya m'manja imaposa pamenepo.

Mwezi wa Malichi chaka chomwecho, The Byrds anali atatulutsa "Eight Miles High", imene gitala yake inatengera John Coltrane wa jazz ndi Ravi Shankar, katswiri wa sitar. Mawailesi ena a ku America anakana kuiulutsa poiganizira kuti ikunena za mankhwala osokoneza bongo.

Chida china chofunika chinali kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamaswa dala mawu a gitala. Kampani ya Gibson inayamba kugulitsa kabokosi kotere mu 1962, koma kanatchuka mu 1965 The Rolling Stones atakagwiritsa ntchito mu "Satisfaction". Jimi Hendrix anapita nako patali. Kulira kwa sipika kumene amisiri ankakuona ngati vuto lofunika kulikonza, iye anakusandutsa nyimbo.

Chaka cha 1967 ndicho chinali chachikulu. Jefferson Airplane anatulutsa Surrealistic Pillow, Hendrix anatulutsa Are You Experienced, The Beatles anabwera ndi Sgt. Pepper's Lonely Hearts Club Band, ndipo Pink Floyd anayamba ndi The Piper at the Gates of Dawn. Mu Juni kunachitika phwando la nyimbo la Monterey, kumene Hendrix anatentha gitala yake anthu akuona.

Mathero ake sanali abwino, ndipo mabuku ena amathamanga pofika pamenepa. Syd Barrett, amene analemba nyimbo zambiri za chimbale choyamba cha Pink Floyd, anachoka m'gululo mu 1968 mutu utasiya kuyenda bwino. Roky Erickson wa 13th Floor Elevators anakhala m'chipatala cha odwala maganizo cha boma la Texas kuyambira 1969 mpaka 1972. Hendrix anamwalira mu Seputembala 1970 ndipo Janis Joplin anatsatira mu Okutobala, onse ali ndi zaka 27. Magulu amene anatsala anapatukira ku hard rock, ku progressive rock kapena kubwerera ku nyimbo zosavuta za country ndi blues.

Ku Brasil

Olankhula Chipwitikizi ali ndi gawo lawo pa mbiriyi. Ku São Paulo, Rita Lee ndi abale awiri, Arnaldo Baptista ndi Sérgio Dias, anayambitsa gulu la Os Mutantes mu 1966. Zida za kunja zinali zodula ndiponso zosowa, choncho mkulu wawo wa anyamatawo, Cláudio César, ankawapangira yekha magitala ndi timabokosi tosinthira mawu. Mu 1968 gululi linayimba nawo pa chimbale cha Tropicália ou Panis et Circencis pamodzi ndi Caetano Veloso, Gilberto Gil ndi Gal Costa. Dzikolo linali m'manja mwa asilikali. Mu Disembala chaka chomwecho Caetano ndi Gil anamangidwa, ndipo mu 1969 anakakamizidwa kupita kukakhala ku London. Nyimbo za Os Mutantes zinadzafika kwa omvera ambiri a kumpoto patatha zaka 30, David Byrne atazitulutsanso mu 1999.

Zamrock

Pamene America ndi Britain ankasiya nyimbozi, ku Zambia n'kuti zikungoyamba kumene. Dzikolo linalandira ufulu mu 1964, ndipo mkuwa unkabweretsa ndalama. Ogwira ntchito m'migodi ya ku Copperbelt anali ndi malipiro a mwezi ndi mwezi komanso maholo ovinira. Ana awo ankamvera Hendrix, The Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown, kenako anatenga magitala n'kuikamo ng'oma ndi mayimbidwe a kwawo. Nyimbo zimenezi ndizo zimatchedwa Zamrock. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 pa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za ku Zambia, ndipo magulu anapeza msika nthawi yomweyo. Ku Ndola kunali kampani ya Teal imene inkadinda zimbale, komanso Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo imene inatulutsa magulu ambiri.

Gulu lotchuka kwambiri linali WITCH la ku Kitwe. Woyimba wake, Emmanuel Chanda, anapatsidwa dzina loti Jagari chifukwa pabwalo ankadumpha ngati Mick Jagger. Chimbale chawo cha Lazy Bones!! chinatuluka mu 1975, chaka chomwe Amanaz, a ku Kitwe komweko, anatulutsa Africa, chimbale chokhacho chimene anajambula. Musi-O-Tunya, gulu limene Rikki Ililonga anayambitsa nawo, linatulutsa Wings of Africa. Ku Lusaka kunali Paul Ngozi, dzina lake lenileni Paul Dobson Nyirongo, ndi gulu lake la Ngozi Family. Iwo anatulutsa Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Paul ankayimba m'Chingerezi ndi m'Chinyanja cha ku Lusaka, moti munthu wa ku Angónia, Macanga kapena Chifunde atha kumva mawu ake popanda womumasulira.

Zamrock inatenga fuzz ndi kuzungulirazungulira kwa gitala, koma nkhani zake zinali za pansi pano: njala, ulova, chibwenzi chovuta, moyo wa m'makomboni. Zimbale zambiri zinajambulidwa mothamanga ndi zida zochepa, ndipo khutu limamva zimenezo. Ng'oma nthawi zina zimabisika, gitala imakwirira woyimba. Koma kukhakhala komweko n'kumene oyimba a masiku ano amakufunafuna ndi makina odula.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, anthu anayamba kusowa ndalama zogulira zimbale. Chakumapeto kwa zaka zimenezo asilikali a Rhodesia ankaponya mabomba m'dziko la Zambia, ndipo boma linkaletsa anthu kuyenda usiku, zomwe zinapha madansi. Disco ndi kalindula zinalanda malo. Kenako kunabwera Edzi, imene inatenga oyimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989. Mwa anthu amene anayambitsa WITCH, amene anatsala ndi Jagari yekha. Iye anakhalapo mphunzitsi, ndipo pambuyo pake ankakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze chakudya.

Magulu a masiku ano

Ku America ndi ku Ulaya, kamvekedwe ka psychedelic sikanazimiririke konse. Kanalowa mu soul ndi funk kudzera mwa The Temptations ndi Funkadelic, kenako kanadzatulukira mwa magulu ngati Spacemen 3 ndi The Flaming Lips m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990.

Dzina lalikulu la zaka zaposachedwa ndi Tame Impala. Dzinali, lomwe likunena za nswala yoweta, limamveka ngati la gulu, koma m'situdiyo ndi munthu mmodzi, Kevin Parker wa ku Perth ku Australia. Iye amalemba, kuyimba zida zonse ndi kujambula yekha. Zimbale zake ziwiri zoyambirira, Innerspeaker ya 2010 ndi Lonerism ya 2012, anazisakaniza ndi Dave Fridmann, amene wagwira ntchito ndi The Flaming Lips kwa zaka zambiri, ndipo mawu a Parker amakumbutsa anthu za John Lennon. Pa Currents ya 2015 anachepetsa gitala n'kuchulukitsa makiyibodi. Rihanna anayimbanso nyimbo imodzi ya pa chimbalecho mu 2016, ndipo Parker anapanga nawo chimbale cha Dua Lipa cha 2024. Umu ndi mmene njira za 1966 zafikira mu nyimbo za pop zimene achinyamata amavina osadziwa komwe zinachokera.

King Gizzard & the Lizard Wizard a ku Melbourne anatulutsa zimbale zisanu m'chaka chimodzi cha 2017. Pa choyamba mwa zimenezo anagwiritsa ntchito magitala osinthidwa kuti azitulutsa mawu a pakati ngati a nyimbo za ku Turkey. Altın Gün a ku Amsterdam amayimba nyimbo zakale za ku Turkey zomwezo ndi fuzz. Ku Goiânia ku Brasil kuli Boogarins, amene amayimba m'Chipwitikizi ndipo anthu amawayerekeza ndi Os Mutantes. Ku Niger kuli Mdou Moctar, wamanzere ngati Hendrix, amene gitala yake yoyamba anaipanga yekha ndi mawaya a buleki ya njinga, monga amachitira ana a m'midzi yambiri kuno.

Zamrock nayo inadzuka. Kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inayamba kutulutsanso zimbale zakale: za Rikki Ililonga mu 2010, za WITCH mu 2012, ndi magawo awiri a Welcome to Zamrock! mu 2017. Chaka chomwecho Jagari anakayimba ku Ulaya ndi oyimba achinyamata, mmodzi mwa iwo Jacco Gardner wa ku Netherlands, ndipo mu 2019 kunatuluka filimu ya Gio Arlotta yofotokoza mbiri ya gululi. Sampa the Great, woyimba rap wa ku Zambia, anaitana WITCH pa chimbale chake cha 2022 cha As Above, So Below. WITCH yatsopano, momwe mulinso Patrick Mwondela woyimba kiyibodi, inatulutsa Zango mu 2023, Jagari ali ndi zaka zoposa 70, kenako Sogolo mu 2025.

Mu Okutobala 2024, Tyler, the Creator wa ku America anatulutsa nyimbo ya "Noid", momwe anaikamo gitala ndi mawu a Paul Ngozi ochokera mu "Nizakupanga Ngozi" ya pa 45,000 Volts. Chimbale cha Chromakopia, momwe muli nyimboyo, chinakhala pa nambala 1 pa mndandanda wa Billboard ku America. Anthu mamiliyoni anamva Chinyanja koyamba kudzera m'nyimbo imeneyo, patatha zaka 35 Paul Ngozi atamwalira.