Electronegativity ndi resonance: momwe akatswiri amadziwira pomwe molekyulu idzaswekere

Mapiritsi a aspirin akakhalitsa pamalo achinyezi amayamba kununkha ngati viniga. Mapiritsi a paracetamol, omwe ambiri amawadziwa ndi dzina loti Panado, akhoza kukhala m'kabati yomweyo nthawi yofanana koma osasintha fungo. Kusiyanaku kumafotokozedwa ndi mfundo ziwiri zomwe ndi maziko a organic chemistry, nthambi ya sayansi yoona za zinthu zopangidwa ndi kaboni. Mfundozi ndi electronegativity ndi resonance. Zonse zimathandiza kudziwa pomwe maelekitironi achuluka ndi pomwe achepa m'molekyulu, chifukwa kusintha kumayambira pomwe mbali yosowa maelekitironi yakumana ndi mbali yomwe ili nawo ambiri.

Electronegativity

Maatomu awiri akalumikizana amagawana maelekitironi, koma kugawanako sikukhala kofanana nthawi zonse. Electronegativity ndi mphamvu yomwe atomu ili nayo yokokera maelekitironi ogawanawo kumbali yake. Muyeso womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri adaukonza ndi Linus Pauling wa ku America m'chaka cha 1932. Pamuyesowu fluorine ali pamwamba ndi 3.98, okosijeni 3.44, klorini 3.16, nayitrojeni 3.04, kaboni 2.55 ndipo haidrojeni 2.20.

Kaboni ndi haidrojeni sasiyana kwenikweni pakukoka. N'chifukwa chake palafini, yemwe ndi wa maatomu awiriwa okha, sasakanikirana ndi madzi ndipo amakhala nthawi yaitali osasintha pokhapokha atayatsidwa. Zinthu zimakhala zina kaboni akalumikizana ndi okosijeni. M'kagulu kotchedwa carbonyl, momwe maatomu awiriwa amagwirana ndi zolumikizira ziwiri, okosijeni amakokera maelekitironi kwa iye ndipo kaboni amatsala wosowa. Malo osowa otere amatchedwa electrophile, ndipo chomwe chimabwera kudzapereka maelekitironi chimatchedwa nucleophile. Mayinawa adawayambitsa ndi Christopher Ingold wa ku Britain m'chaka cha 1933. Madzi ndi nucleophile, ngakhale ndi yofooka.

Kukokaku kumamveka ngakhale pa maatomu oyandikana nawo. Mphamvu ya asidi imayezedwa ndi nambala yotchedwa pKa, ndipo nambalayi ikatsika ndi 1 ndiye kuti mphamvu yakwera kakhumi. Asidi wa m'viniga, acetic acid, ali pa 4.76. Haidrojeni mmodzi akachotsedwa n'kuikapo klorini, nambalayi imatsika kufika pa 2.86, kutanthauza kuti asidiyo wakula mphamvu pafupifupi ka 80. Akaikapo maatomu atatu a klorini imatsika kupyola 1.

Resonance

Mamolekyulu ena sangajambulidwe moona ndi chithunzi chimodzi. Chitsanzo chodziwika ndi benzene, yomwe August Kekulé adaifotokoza m'chaka cha 1865 kuti ndi mkombero wa maatomu 6 a kaboni. Pachithunzi, zolumikizira zimasinthana: pena chimodzi, pena ziwiri. Zikadakhala choncho, zina zikadakhala zazitali mapikomita 154 ndipo zina 134. Koma kuyeza kudasonyeza kuti zonse 6 n'zofanana, pafupifupi mapikomita 139.

Pauling adafotokoza kuti maelekitironi ena samangidwa pakati pa maatomu awiri okha koma amamwazikana pa maatomu angapo, ndipo mfundoyi adaitambasula m'buku lake la 1939 lotchedwa The Nature of the Chemical Bond. Molekyulu sidumphadumpha kuchoka pachithunzi china kupita pachinzake. Imakhala ndi maonekedwe amodzi omwe ali pakati pa zithunzizo, ndipo kumwazikana kwa maelekitironi kumaipatsa bata.

Batali limaoneka poyerekeza viniga ndi mowa. Acetic acid ndi ethanol onse ali ndi haidrojeni wolumikizidwa ku okosijeni, koma pKa ya ethanol ili pafupifupi 16. Ethanol akataya haidrojeniyo, maelekitironi otsala amalemera pa okosijeni mmodzi. Acetic acid akamutaya, katunduyo amagawana maatomu awiri a okosijeni mofanana, ndipo kukoka kwa carbonyl kumathandiziranso. Mutu umodzi susenza denga: molekyulu yotha kugawana katundu ndi yomwe imalola msanga kutaya haidrojeni wake.

Pomwe mfundo ziwirizi zimakumana

Aspirin ndi paracetamol onse ali ndi carbonyl. Mwa aspirin, kaboni wa carbonyl walumikizidwa ku okosijeni wina, ndipo kagulu kotere kamatchedwa ester. Mwa paracetamol walumikizidwa ku nayitrojeni, ndipo kamatchedwa amide. Okosijeni ndi nayitrojeni onse amachita zinthu ziwiri nthawi imodzi: amakoka maelekitironi mwa electronegativity, komanso amabwezera ena kwa kaboni mwa resonance. Popeza nayitrojeni sakoka kwambiri ngati okosijeni, amapereka mosaumira, ndipo kaboni wa amide satsala wosowa kwenikweni. Kaboni wa ester amatsala ndi njala, kotero chinyezi chimamufikira pang'onopang'ono n'kudula molekyuluyo kukhala salicylic acid ndi acetic acid. Fungo la viniga limachokera pamenepo, ndipo ndi chizindikiro choti mapiritsiwo ayamba kuonongeka.

Kulimba kwa amide n'kofunika pa moyo weniweni, chifukwa mapuloteni onse a m'thupi ndi unyolo wa zolumikizira zotere. Zikadakhala zosweka msanga m'madzi, minofu ndi magazi sizikadakhalitsa.

Chitsanzo cha penicillin

Penicillin, yemwe Alexander Fleming adamutulukira m'chaka cha 1928, naye ali ndi amide, koma yake ndi yopanikizika. Dorothy Hodgkin wa ku Oxford adatsimikiza m'chaka cha 1945 kuti amide imeneyi ili mumkombero wa maatomu anayi okha wotchedwa beta-lactam. Mkomberowu ndi wothina, ndipo umapinda nayitrojeni moti sathanso kubwezera bwino maelekitironi kwa kaboni. Resonance ikafooka chonchi, kaboniyo amagwira msanga enzyme yomwe mabakiteriya amamangira khoma lawo, ndipo khomalo likalephera kumangika mabakiteriyawo amafa.

Mphamvu yomweyi ndi yomwe imapangitsa mankhwalawa kusachedwa kuonongeka. Amoxicillin wa ana, yemwe ndi wa m'banja la penicillin, amasungidwa ngati ufa chifukwa madzi amatsegula mkombero uja pang'onopang'ono. Akasungunulidwa amayenera kuikidwa pozizira ndi kumwedwa m'masiku omwe alembedwa pabotolo. Mabakiteriya ena nawo amapanga enzyme yotchedwa beta-lactamase, yomwe imatsegula mkomberowu mankhwala asanagwire ntchito, ndipo iyi ndi imodzi mwa njira zazikulu zomwe tizilombo timapimira mankhwala.

Malire ake

Mfundo ziwirizi zimaloza malo omwe kusintha kungayambire, koma sizinena zonse. Magulu akuluakulu a maatomu akhoza kutchinga njira yopita kwa kaboni wosowa, ndipo kutentha, mtundu wa madzi osungunulira komanso kupezeka kwa asidi zimasintha liwiro. Pachifukwachi katswiri amayamba ndi kujambula molekyulu n'kuona komwe maelekitironi apendekera, kenako amakatsimikiza ganizo lake poyesa mu labotale.